Wa Kuseri kwa Galasi

Lachinayi, 6 Malichi

Dzino. Tsaya lakumanzere latupa ngati ndabisamo ndimu. Adokotala a mano akuti malo alipo kumapeto kwa mwezi. Dzinolo limve, lidikire.

Mlamu anandifunsa Lamlungu kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji. Ndinamuuza zoona. Ndimakhala mumdima n'kumasuzumira mabanja a eni ake. Zipinda ziwiri, pakati galasi lalikulu. Mbali yawo ndi kalilole, mbali yanga ndi windo. Wophunzira uphungu amakhala ndi banjalo uko kowala, ine kuno. Akasochera ndimanyamula foni yanga, ya pakhoma pawo imalira, ndimamuuza chofunsa. Nthawi ikatha ndimagogoda pagalasi. Mlamu anati ntchito imeneyo ena amamangidwa nayo.

Banja latsopano lero, lopatsidwa kwa wophunzira wanga Chabwino. Dzinali ndinamupatsa ndine, iye sadziwa. Chaka chomaliza, mutu wakuthwa, mabuku onse a uphungu wa mabanja ali m'mutumo, koma pakamwa mawu amodzi okha. Mwamuna akati ndimusiya mkaziyu, iye chabwino. Tsiku lina wina adzati ndawotcha nyumba, iye chabwino, n'kulemba.

Lamulo lathu: tsiku loyamba woyang'anira amatuluka mumdima, kupereka moni, banja limuone nkhope. Lamuloli ndimaphunzitsa ndine. Lero sindinatuluke. Ndi tsaya ili? Ndinangoimba: “Auzeni kuti kuseri kuli wina akumvetsera, ndipo amawafunira zabwino.” Chabwino ananena momwemo, osachotsa osawonjezera, ngati akuwerenga chikwangwani cha pamsewu.

Bambo ndi woyendetsa basi. Manja aakulu, sakudziwa powaika. Mayi ndi telala, woonda, mapini adakali pakolala ya bulauzi. Mtsikana wawo, wamaliza sekondale. Panali mnyamata. Chaka chatha anakangana ndi bambo ake, bambo anati tuluka m'nyumba mwanga, anatuluka. Sabata isanathe galimoto inamugunda. Chichokereni kumanda mayi sanayankhulepo ndi amuna awo. Zonse zimadzera mwa mtsikana. “Uwauze bambo ako madzi afunda.” Bambo ali pomwepo, mkono ungawafikire.

Mtsikanayo wapeza malo ku sukulu ya unamwino, kutali. Ayenera kunyamuka pa 7 Epulo. Akuti sapita. Akachoka, nyumbayo ikhala yopanda foni. Ndiye wawakokera kuno makolo akewo, tiwalumikize mwezi usanathe.

Nthawi itatha ndinagogoda. Mayi anadzidzimuka. Anayang'ana galasi kwa nthawi yaitali, diso pa diso ndi ine, osandiona. Ndinazizolowera zimenezi. Komabe mpando ndinaubweza m'mbuyo pang'ono.

Lolemba, 10 Malichi

Msonkhano wa aphunzitsi. Tiyi wozizira. A Kafukufuku, mkulu wa sukulu yathu, akufuna umboni woti mabanja amachira msanga wophunzira akakhala ndi womuyang'anira. Funso labwino. Zaka zonsezi mumdima palibe anandifunsapo ngati mdimawo umathandiza munthu. Anationetsa pakhoma mzere wokwera bwino ngati makwerero. Mzerewo anajambula kale. Changotsala ndi mabanja oti akwere nawo.

Masana ndinakhala ndi Chabwino. Ndinamufunsa kuti foni ikanakhala yakufa Lachinayi lija, akanawafunsa chiyani mayi aja. Anaganiza kwambiri, mpaka chipumi makwinya. “Ndikanadikira kuti ilire, Aphunzitsi.”

Ndamukumbutsa kuti mayeso ake ndi pa 3 Epulo, banja lomweli, foni osalira. Chabwino, anatero.

Lachinayi, 13 Malichi

Chete m'chipinda muja. Chabwino maso pafoni ngati mphaka pa mphika wa mkaka. Ndinaimba: “Afunseni mayi, m'nyumbamo ndani ankawaseketsa?” Funso la m'buku, la chaka choyamba.

Mayi sanamuyang'ane Chabwino. Analoza galasi ndi chibwano. “Wafunsa ndi iyeyo?”

“Inde mayi, ndi a kuseri.”

Ndiye mayi anaseka. Kuseka kwa dzimbiri, kwa chitseko chimene chakhalitsa chosatsegula. Anasimba mmene mnyamatayo ankavalira madiresi a makasitomala osamalizidwa, mkono umodzi kulibe, n'kumayenda m'nyumba ngati mkwatibwi, chipewa cha bambo ake kumutu. Mapewa a bambo anagwedezeka. Kuseka kapena kulira, pagalasi sizioneka bwino. Nkhani yonseyo mayi ankasimbira ine. Osati Chabwino, osati mtsikana. Galasi.

Nditagogoda, mayi anagwira pachifuwa. “Ankagogoda choncho pawindo la kukhitchini akachedwa, kuti bambo ake asamve.” Mawu amenewa sanadzere mwa mtsikana. Bambo anawamva okha, anati, “Ndinkamva.”

Ndalemba kuti zikuyenda. Ndadzigulira mankhwala a dzino amphamvu kuposa aja.

Lachinayi, 20 Malichi

Anabwera nthawi isanakwane. Ndinakumana nawo mukhonde, ine ndi kapu ya tiyi. Mayi anandifunsa kumene kuli chimbudzi. Ndinawalozera. Anathokoza mwaulemu ngati mmene munthu amathokozera mlonda. Mwayi woti ndinene kuti ndine uja wa kuseri unali pomwepo. Ndinamwa tiyi.

Mayi atchena. Nsalu yatsopano, mapini kulibe. Mpando wawo anautembenuza kuyang'ana galasi. M'chikwama anatulutsa malaya abuluu, akuti anayamba kumusokera mnyamatayo asanachoke, awamaliza sabata ino. Anakoka mpando wopanda munthu, anaugunditsa kugalasi, anaveka malayawo pamsana pake, kolala atayiimika bwino.

Kuno kumdima galasi limabweza nkhope yako pang'ono, yotuwa, ngati ya m'madzi. Nkhope yanga inakhala ndendende pamwamba pa kolala ija. Ndinasunthira kumanzere. Patapita kanthawi ndinapeza ndabwerera.

Ndinaimba: “Afunseni bambo zimene akanafuna kunena tsiku lija.” Bambo anaimirira. Munthu wamkulu ngati kabati. Anavula chipewa, anayandikira galasi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi patsogolo panga. “Ndinkati ubwera madzulo. Chitseko sindinakhome. Mpaka lero sindikhoma.”

Mayi, kwa galasi: “Wamva? Akuti sanakhome.” Kenako, kwa galasi lomwelo, osati kwa mtsikana: “Uwauze bambo ako kuti ndamva.”

Chabwino akuyang'ana kuno, akudikira. Mtsikana akuyang'ana kuno. Ndipo ine, ndi madigiri anga onse, ndinanyamula foni. “Auzeni bambo kuti mayi amva.”

Chabwino ananena. Bambo anakhala pansi n'kulira mokweza.

Ndinagogoda mwapansipansi. Chala chinali chozizira.

Loweruka, 22 Malichi

A Kafukufuku anandigwira paphewa dzulo pamakwerero. Banjalo layankha mafunso awo: akugona, akudya, bambo asiya kugona m'basi ku depoti. Akuti ndi banja lokwera msanga kuposa onse, ndipo ndi lomwe ndaliimbira foni kwambiri. “Umboni uwu, achimwene. Musasinthe kalikonse.” Ndinafuna kufunsa kuti pamzere wawo akufa amalembedwa pati. Dzino linandiletsa.

Chabwino akuti mayi anamufunsa ngati angamabwere masiku enanso, ngakhale popanda uphungu, kungokhala m'chipindamo pang'ono. Iye anayankha chiyani? Musandifunse.

Ndawafotokozera mayi a kunyumba, mosatchula munthu. Anali akusita. Sanadabwe nkomwe. “Nanga kuno simutero? Mukafuna mchere mumauza mwana kuti auze ine. Kuno galasi kulibe, bambo, muzingoyankhula.” Ndinati ndi nkhani ya kuntchito. Anati eya.

Ndiyenera kutuluka andione. Lachinayi likubwerali ndi la dzino. Linalo.

Lachinayi, 27 Malichi

Dzino lachoka. Anandionetsa m'kambale, laling'ono, losayenera ulemu wonse ndinalipatsa. Mlembi wa sukulu ndinamuuza Lachiwiri kuti aimbire banjalo lisabwere lero. Kiyi wa chipinda chamdima ali m'thumba la jekete, ndinamumva akundibaya ndili pampando wa adokotala. Pakamwa thonje. Kugona masana onse.

Lachisanu, 28 Malichi

Chabwino anandidikirira pakhomo la ofesi, nkhope yowala. “Funso lanu la dzulo, Aphunzitsi. Ndakhala ndikuliganizira.”

Mlembi anaiwala kuimba. Banja linabwera. Chabwino anaona chitseko changa chotseka monga mwa masiku onse, anayamba.

Ndinamufunsa kuti funso lake liti, ngati ndikumuyesa. “Munati, afunseni mayi kuti mlongo wanga anyamuka liti.” Ndinati anenenso. Ananenanso. Mlongo wanga. Akuti anaganiza kuti ndi njira ina imene sitinafikepo m'kalasi. Nanga mawu? “Anali otsika, osamveka bwino. Ndinati ndi dzino.”

Zoti dzulo kunalibe ine sindinamuuze. Ndinapita kukaonera zimene kamera ya m'chipinda chowalacho inajambula. Zonse zilimo. Malaya abuluu pampando. Foni ikulira, kulira kwake komweko, kokhala ngati ili ndi chimfine. Chabwino akunyamula, akumvetsera, akugwedeza mutu kuyang'ana galasi. Chabwino, akutero. Akufunsa. Mtsikana wagwira pakamwa. Mayi akuyankha galasi, mokoma, ngati akunyengerera mwana wodwala: “Anyamuke bwanji, mwanangu? Akapita, Lachinayi uzimuona bwanji? Sapita. Tizibwera tonse.”

Pamapeto pake, kugogoda. Ndinabweza, ndinamvetseranso. Ndikanalumbira kuti ndi chala changa.

Ndinatsegula chipinda chamdima. Fungo lake lomwelo, fumbi ndi kapeti. Kapu yanga pomwe ndinaisiya. Ndinaitana wokonza mafoni. Anatsata waya ndi chala kuchokera pa tebulo langa, kuboola khoma, mpaka pafoni yawo. Akuti wayayu sapita kwina kulikonse, ngakhale kwa mlembi. Anandifunsa vuto ndi chiyani. Ndinati ikugwira ntchito mopitirira.

Chondiwawa: funsolo ndi labwino. Laposa anga onse a mwezi uno. Ine ndakhala ndikusangalala ndi misozi ya bambo, za mtsikana ndinaziiwala. Amene anaimbayo sanaiwale.

Lolemba, 31 Malichi

Sabata imodzi kuti mtsikana anyamuke. Anabwera yekha m'mawa kudzamuona Chabwino. Akuti kunyumba kuli mtendere. Mayi akuimba posoka. Uthenga sakumutumanso, akuusunga wonse kudikira Lachinayi. Bambo akafunsa kanthu, mayi amangoti tikamuuza wa kugalasi uja. Mtsikanayo walembera ku sukulu kuti mwina sabwera, koma sanatumize. Anamufunsa Chabwino, “Kuseriko kuli ndani kwenikweni, asisi?” Chabwino anati aphunzitsi anga. Mtsikana anati, “Ndiye bwanji sitinawaonepo?”

Ndamuuza Chabwino zoona. Kuti Lachinayi ndinali kwa adokotala, kukamwa yasa, kiyi m'thumba. Ndinadikira mawu ake aja. Sanabwere. Kenako: “Ndiye ine ndakhala ndikunyamula mawu a aliyense amene waimba.” Sanali kufunsa.

Tagwirizana. Lachinayi ndilowa naye, andione. Mayeso ake achitika ine ndili momwemo, pakona. A Kafukufuku adandaula kuti ndiwawonongera mzere: banja loyang'aniridwa kuseri silingasanduke loyang'aniridwa kutsogolo pakati pa kafukufuku. Ndinati alembe kuti woyang'anira wasintha. Anafunsa kuti wabwera ndani. Ndinati tikufufuza.

Lachinayi, 3 Epulo

Ndilembe bwinobwino, mwadongosolo.

Foni yanga ndinaizula pawaya, ndinaitsekera m'dirowa. Chipinda chamdima ndinakhoma, ndinayesa chitseko ndi phewa. Ndinalowa kowala. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti galasilo ndi lalikulu chotere ukaliona mbali iyi. Munthu umadziona wonse, ndi mimba yomwe.

Malaya ali kale pampando. Ndinapereka moni. Mayi anandigwira dzanja ndi manja awiri. “Ndimakudziwani, bambo. Munandilozera chimbudzi.” Ndinafotokoza. Kuti ndine woyang'anira. Kuti amene amaimba foni ndine, wogogoda ndine, kuti ndinayenera kudzaonekera tsiku loyamba koma tsaya linatupa. Tsaya! Ndinadzimva ndekha ndikulitchula. Bambo anayang'ana pansi. Mayi anamvetsera mpaka ndinamaliza, mwaulemu wonse.

“Zikomo kwambiri, bambo. Mwatithandiza. Tasunthani pang'ono, mukumutchinga.”

Ndinasuntha. Inde, ndinasuntha.

Ndipo foni inalira.

Kiyi m'thumba, ndinamugwira. Mtsikana anakoka miyendo kukweza pampando. Bambo anavula chipewa. Mayi anamwetulira, osatembenuka. Dzanja la Chabwino linanyamuka lokha, ndinaliona, linafika pakati pa njira. Anandiyang'ana. Ndinalibe chomuuza. M'buku mulibe.

Dzanja analibweza pamiyendo. “Ayi,” anatero. Ndinali ndisanamumvepo akutchula mawu amenewa.

Anakoka mpando wake, anakhala pakati pa mayi ndi galasi, msana kugalasi, pamalo pomwe anandichotsa ine. “Ilire, mayi. Kaya ndi ndani. Ngati ndi iyeyo, zake ananena kale sabata yatha, anafunsa kuti mlongo wake anyamuka liti, inu munamukaniza. Ine uthenga wa munthu sindinyamulanso. Mwana wanu uyu sanyamulanso. Amuna anu ndi awa, makutu ali nawo, ndinawaona akumva.”

Foni ikulirabe. Kulira kosapuma, kosatopa. Ndinaona thukuta likutsika pakhosi la Chabwino. Mayi anayesa kusuzumira mbali iyi, mbali iyo. Chabwino sanasunthe. Mayi anayang'ana mtsikana, pakamwa panatseguka mwachizolowezi, uwauze. Mtsikana anapukusa mutu, akulira.

Ndiye khosi la mayi linatembenuka. Pang'onopang'ono, ngati lili ndi mapini. Anayang'ana batani la malaya a amuna awo, osati nkhope. Anakweza mawu kuti apose foni.

“Inu. Sutikesi yaikulu ija ili pamwamba pa wadiropu. Ine sindifikira.”

Bambo anati, “Nditsitsa.”

“Ili ndi fumbi.”

“Ndipukuta.”

Foni inasiya. Pakati pa kulira, ngati munthu waika pansi.

Palibe anagogoda. Chabwino anayang'ana wotchi yake yekha, anati nthawi yatha. Mayi anachotsa malaya pampando, anawapinda monga amapindira atelala, manja m'kati, anawapereka kwa bambo. Potuluka sanayang'ane galasi. Ine ndinayang'ana. Munali ine ndekha, mwamuna wa tsaya lophwa, ataimirira pakona.

Chabwino wakhoza mayeso. Pofotokoza chifukwa ndalemba kuti: sanayankhe foni.

Lachinayi, 10 Epulo

Mtsikana ananyamuka Lolemba. Bambo aimbira mlembi m'mawa kuti sabwera lero, mwina sabweranso. Akuti akangana ndi mayi sabata yonse za chipinda cha mnyamata, wina akuti chipentedwe, wina akuti chisakhudzidwe. Mlembi anandiuza ndi nkhope yachisoni. Ndinamuuza kuti kukangana kumafuna anthu awiri oyankhulana, asangalale.

A Kafukufuku akufuna kudziwa kuti banjali alilembe mbali iti. Linachira chifukwa choyang'aniridwa, kapena chifukwa woyang'anira anachoka? Ndinati zonse ziwiri. Akuti mzere sulola. Chabwino anandidutsa mukhonde ndi banja lina, anangondikwezera dzanja. Wapempha chipinda chapamwamba, chopanda galasi.

Dzulo patebulo ndinapempha mchere ndekha. Mayi a kunyumba anandigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi.

Ndikulemba muno mumdima, ndi kuwala kochokera mbali inayo. Nthawi ya banja lija, ndiye palibe munthu. Masana, dzuwa lili pawindo lawo, mipando isanu yopanda anthu, wina akutchetcha udzu panja. Ndinabwera kudzabwezera foni pawaya, wophunzira watsopano ayamba mawa. Ndaitulutsa m'dirowa. Sindinailumikize. Ili apa pambali pa kapu, waya wake ukulendewera m'mphepete mwa tebulo.

Wokonza uja anandiuza kuti iyi ilibe belu. Ndi yoimbira basi, siilandira.

Ikulira.

Mwina angofuna kudziwa ngati mlongo wake anafika bwino. Anafika, mlembi anatero. Ndayang'ana uku ndi uku, woti ndimutume palibe. Nkhope ya m'galasi sikuyang'ana foni, ikuyang'ana ine. Chabwino. Ndiyankha ndekha, ndingo